A112 Abarth kapena Innocenti De Tomaso, ndithandizeni

Membala wosatchula dzina: Abale, tulo sindikupeza. Ndili ku Leeds, zaka 4 ndikugwira usiku, ndikusunga pang'onopang'ono. Ndapeza tigalimoto tiwiri takale ta ku Italy: Autobianchi A112 Abarth ya 1978 ndi Innocenti De Tomaso ya 1980. Mayi akunyumba akuti ndapenga, koma za ndalama ya feteleza imene mchimwene wawo anabwereka mpaka lero osabweza, pamenepo ali ziii. Alamuwo tsiku ndi tsiku zithunzi ali kunyanja. Ndigule iti?

Angoni Enieni: Mukufunsanso? A112 basi! Injini 1050cc, mphamvu 70 hp, thupi pafupifupi makilo 700, kamathamanga ngati kaba nkhuku. Pachizindikiro pali chinkhanira cha Carlo Abarth mwini wake. Inayo ndi Mini ya ku Britain yobwereka suti kwa Bertone, kampani ya ku Italy yojambula magalimoto.

Che Jika: Achimwene, A112 nayonso anaijambula Marcello Gandini wa kwa Bertone komweko. Ndipo injini ya Mini ya 1275cc ndiye phindu la Innocenti, masipeya ali mbwee ku UK. Injini ya Daihatsu anayamba kuika mu Innocenti 1982.

Angoni Enieni: Masipeya? Tikukamba za mtima, inu mukukamba za golosale!

Nachisale: Kumudzi nyumba munamanga? Anzanu akugula malo, inu zidole. Mayiwo akunena zoona.

Mjomba wa ku Durban: Ine ndinagula Fiat 127 yonyezimira bwinobwino. Sabata yachiwiri ndikuponda buleki phazi linatulukira pansi, ndikuona tala. Wogulitsa foni anathimitsa. Lero mukugona nkhuku.

Che Jika: Dzimbiri ndiye matenda a zonsezi. Pitani ndi maginito, pamene sakugwira dziwani anamatapo. Mwaiona ndi maso? Akutchaja zingati?

Kamnyamata: Chiwongolero chili kumanzere, ndiye potenga tikiti ya paking'i muzidzatsika kuzungulira galimoto, kkkk. Kapena alamu aja azikutengerani, abweze ngongole ndi ntchito.

Angoni Enieni: Ku Italy anyamata ankayambira mpikisano wa rally pa A112, osati pa Mini yanuyo. Ndanena ndanena.

Mai a Tadala: Samalani, ambiri amatenga A112 wamba n'kumatapo chinkhanira kuti mtengo ukwere. Nambala ya chasisi ndi ya injini zigwirizane ndi mapepala. Komanso galimoto ikaposa zaka 40 kunoko mutha kuilembetsa ngati yakale, msonkho wa pamsewu osalipira.

Nachisale: Msonkho osalipira, koma makaniko adzadya mpaka ya lendi.

Angoni Enieni: Mai a Tadala, yabodza ine ndimaidziwa ndi kulira kwa ekizozi kokha, mapepala n'ngachani?

Membala wosatchula dzina: Zikomo nonse. Alamu aja aona positiyi, andibuloka pa WhatsApp. Ndiye mwati ndigule iti?

Che Jika: Akutchaja zingati, bambo?