Hilux ya dizilo ikuvuta kulira m'mawa, ndiyambire pati?

Akuluakulu apagulu pano, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi Toyota Hilux yakale ija ya injini ya 3L, 2.8 dizilo, yomwe ndimanyamulira katundu kuchoka ku Mitundu kubwera m'tauni ya Lilongwe. Ikagona usiku, m'mawa imavuta kulira. Batire ndi latsopano, sitata ikuzungulira bwinobwino, koma ndimachita kupukusa mpaka anthu oyandikana nawo kudzuka. Ikangolira imanjenjemera pang'ono, kenako tsiku lonse ilibe vuto, ngakhale ndiizimitse ku Kanengo podikira katundu imalira kamodzin'kamodzi. Makaniko wina akuti pampu ya dizilo yatha, tiimasule ipite kokakonzedwa. Mtengo wake nditaumva ndangoti ndifunse kaye.

Makaniko wa ku Biwi: Achimwene, pampu musaimasule msanga. Pampu yotha nthawi zambiri imavutitsa injini ikatentha, osati m'mawa mokha. Tiuzeni kaye, mukamapukusa ku ekizozi kumatuluka utsi woyera kapena ayi? Ngati ukutuluka, mafuta akufika koma sakuyaka, ndiye tiyang'ane ma heater plug (timapulagi totenthetsa injini isanalire) kapena kompuleshoni (mphamvu yopanikiza mpweya m'injini). Ngati kulibe utsi, mafutawo sakufika.

Mwini funso: Poyamba kulibe utsi bwana, umayamba kuoneka ikatsala pang'ono kulira.

Makaniko wa ku Biwi: Ndiye ikuoneka kuti ikuyamwa mpweya, mafuta akubwerera ku thanki usiku. Mawa musanakhudze kiyi tsegulani boneti. Pamwamba pa fyuluta ya dizilo pali kabatani kopopera. Kadinikizeni. Kakakhala kofewa, popani mpaka kalimbe, dikirani nyali ya ma heater izime, kenako lizani. Ikalira nthawi yomweyo, vuto mwalipeza. Musanyengeke poona kuti pansi sipakudontha kanthu. Kuchokera ku thanki kufika pa pampu mafuta amachita kukokedwa, choncho paipi ikang'aluka pang'ono simatulutsa mafuta, imangolowetsa mpweya. Malo okayikitsa ndi labala ya m'kati mwa kopopera komweko, labala ya fyuluta ngati inakhala mopendama, makilampu, mawasha a kopa, ndi timapaipi tobweza mafuta kuchoka ku manozo (tizitsulo tofayira dizilo m'injini).

Dalaivala wa ku Area 25: Njira ina yosalira ndalama, usiku muziimika potsetsereka, mutu uloze kumunsi, thanki ikhale yodzaza. Ikalira bwino m'mawa ndiye kuti zomwe akunena amakanikowo ndi zoona.

Mayi a ku Kawale: Nanga mafuta mumathira kuti bambo? Ngati munagulapo a m'zigubu nthawi yomwe dizilo amasowa ija, yambani ndi fyuluta. Ena amasakaniza ndi palafini, zigubu zina zimakhala ndi madzi ndi zinyalala. Pansi pa fyuluta pali kotsegulira, khetsani pang'ono m'botolo loonekera m'kati. Madzi amakhazikika pansi, muwaona nokha.

Mnyamata wa ku Area 23: Madala, ingogulani sipuleyi yoliziritsa ija, mupopere kolowera mpweya, nkhani yatha.

Makaniko wa ku Biwi: Ayi aise, izo usawaphunzitse akuluwa. Sipuleyi imeneyo ikakumana ndi ma heater oyaka imaphulika nthawi yake isanakwane, ndipo imatha kuthyola maringi. Komanso vuto lenileni limakhala lilipobe, mwangolibisa.

Wina wa ku Lumbadzi: Ine ndikuonabe ngati ndi ma heater. June ndi July ku Lilongwe kuno kumazizira, ndipo injini zakalezi zimadalira ma heater kwambiri. Alipo anayi, awiri akafa imavuta ndithu. Kuyeza kwake n'kosavuta, wamagetsi aliyense ali ndi mita. Aonenso ngati rileyi ikupereka moto. Ndipo musamapukuse nthawi yaitali osapumira, muotcha sitata.

Mwini funso: Ndabweranso akuluakulu. M'mawa uno kabatani kanali kofewa zedi. Ndapopa mpaka kalimba, yalira kamodzi. M'botolo mwatulukanso timadzi. Tayika paipi yoonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu, thovu likuoneka likudutsa. Tsono ndigule mutu wonse wa fyuluta, kapena ndingoyika kavavu koletsa mafuta kubwerera? Wogulitsa wina ku Malangalanga akuti kavavuko n'kokwanira.

Makaniko wa ku Biwi: Kavavu kathandiza kulira m'mawa, koma mpweya uzilowabe mukamayenda. Musanagule kanthu sunthani paipi yoonekerayo, muiike mafuta asanalowe mu fyuluta. Thovu likaonekanso pamenepo, vuto lili kumbuyo, ku mapaipi kapena ku thanki. Likapanda kuoneka, sinthani mutu wa fyuluta pamodzi ndi fyuluta yake. Ma heater ayezetseninso monga anenera anzathu a ku Lumbadzi. Kwa ena amene mukuwerenga muli ndi injini yatsopanoko ya Toyota yotchedwa D-4D, musamamasule mapaipi a manozo injini ikulira, mafuta ake amakhala ndi mphamvu yoboola khungu.

Mwini funso: Zikomo bwana. Ndisuntha paipiyo madzulo ano ndikaweruka, ndidzakuuzani mbali yomwe thovu likuchokera.