Mipeni ya puleni yabenthukanso, alipira ndani?

Bambo Phiri: Mwadzuka bwanji nonse a m'shedi. Ndimati ndipale mlombwa wa chitseko cha kasitomala, koma thabwa likutuluka ndi mzere wotukuka kuyambira kumutu mpaka kumapeto. Nditatsegula puleni, makina athu opalira matabwa aja, ndapeza mipeni yonse itatu yabenthuka pamalo amodzi. Umenewu ndi msomali basi. Puleni imeneyi tinachita kusonkherana, ndiye zikundiwawa kuti wochita izi wangozimitsa n'kumapita osauza munthu.

Yamikani: Dzulo madzulo ena amapala matabwa a mapaleti, aja osanjikapo katundu. Ndinawaona ndithu.

Mayi Nachisale: Yamikani, za kutchulana mayina tisiye kaye, tingadane chabe. Mapaleti tonse timagula chifukwa paini wa ku Chikangawa wakwera mtengo. Vuto lake msomali umaduka mutu pozula, nsonga n'kutsalira mkati, ndipo ndi maso simungaione. Ine ndili ndi maginito a sipika yakale, ndimawayendetsa pathabwa mbali zonse ziwiri. Pomwe pali chitsulo amakakamira. Matabwa omwe anathirira konkire okha asamafike n'komwe pa makina, chifukwa mchenga ndi simenti zimabunthitsa mipeni msanga kuposa mtengo wouma uliwonse.

Madala Gondwe: A Phiri, musathamangire kukagula ina. Ngati pobenthukapo ndi pang'ono, zulani pulagi kukhoma kaye, osangodalira switchi. Masulani mabawuti, musunthe mpeni umodzi kumanzere mamilimita awiri, wina kumanja, wachitatu muusiye pomwepo. Mabalawo akasiyana malo, pomwe mpeni wina waphonya unzake umadulapo, mzere uja umatha. Chitseko mumaliza lero lomwe. Pokanola mupititse itatu yonse pamodzi, ndipo pobwezera ikhale yofanana msinkhu. Umodzi ukakwera umagwira ntchito wokha, thabwa limatuluka ndi timafunde.

Bambo Phiri: Zatheka madala, mzere wasowa. Zikomo kwambiri. Nanga ndalama yonolera ichokera kuti?

Yamikani: Tigawane mofanana monga kale.

Chisomo: Pepani akuluakulu, pamenepo ine ndikana. Ntchito yanga ndi mafelemu a zithunzi, pa sabata ndimapala matabwa ochepa. Ena amakhala pa makina tsiku lonse ndi oda ya madesiki a sukulu. Ngakhale mayunitsi a magetsi ndi chimodzimodzi: mota ija ndi ya 3 kW, ikalemedwa ola lathunthu imadya pafupifupi mayunitsi 3. Tilipire zofanana bwanji?

Madala Gondwe: Mwanayu wanena zoona. Tipachike kope pafupi ndi mita. Wofika alembe dzina, mayunitsi omwe wapeza, omwe wasiya, ndi kuchuluka kwa matabwa. Pa thabwa lililonse tiziponya kangachepe m'thumba la mipeni. Ndipo usanayambe, pala kachidutswa kaye. Kakatuluka ndi mzere, lemba m'kopemo nthawi yomweyo, mlandu usakugwere iwe.

Mayi Nachisale: Poti tayamba, ndinene zanganso. Munthu wayeza fensi ya sowo, chotsamiritsa thabwa podula chija, wadula matabwa theka, wapita kukamwa madzi, pobwera apeza wina wasuntha kuti "ndingodula kamodzi". Kubwezera muyezo uja ndendende n'kovuta, matabwa amasiyana m'lifupi. Mukaona tepi ndi pensulo pa tebulo, dziwani kuti mwini wake alipo, mufunseni. Chinanso utomoni wa paini. Umamata pa marola okoka thabwa ndi patebulo, wobwera pambuyo thabwa lake limakana kuyenda. Kansalu ndi parafini pang'ono, mphindi ziwiri zokha. Za utuchi sindinenanso, mukudziwa nokha.

Yamikani: Nanga anyamata ophunzira ntchito aja? Nthawi zambiri ndi amene amatumidwa kukapala.

Bambo Phiri: Wophunzira asayatse puleni kapena sowo bwana wake palibe, ndipo m'kope mulembedwe dzina la bwanayo. Ulendo uno tinolera ndalama ya m'thumba la gulu. Kuyambira Lolemba, wobenthula akanena yekha alipira theka, theka lituluka m'thumba. Tikachita kumutulukira m'kope, alipira yonse. Mtengo wa pa thabwa tikambirana Loweruka tikaweruka.

Chisomo: Kope ndigula ine. Amayi, maginito aja mungatibwereke?

Mayi Nachisale: Ndibweretsa ena mawa, koma tiwamangirire chingwe pa makinapo. Sikweya yanga ija munabwereka sinabwerebe.