Mlendo wa kunja akufuna nyumba ya lendi pa Nchalo, tithandizeni nkhani ya mtengo, mita ndi madzi

Wa pa Nchalo

Moni nonse a m'chigwa muno, ndabwera kudzapempha nzeru. Kuntchito kwathu kwabwera bambo wina wa ku Zimbabwe, ndi wa zamapampu ndi ulimi wothirira, akhala kuno zaka ziwiri ndipo mwezi wamawa akukatenga mayi ndi ana awiri. Pakadali pano akugona ku resthouse nde ndalama zikungothera pomwepo. Ine ndi amene ndikuyenda nawo poti Chichewa sanachigwire, Chisena amangotolako mawu amodziamodzi.

Tapeza nyumba ya zipinda zitatu, ya mpanda, yabwino ndithu. Nditapita ndekha a landilodi anati K150,000 pamwezi, koma tsiku lomwe anawaona eni akewo nkumva akulankhula chizungu mtengo unasintha pompo, akuti K300,000 komanso miyezi sikisi pakamodzi. Zinandipweteka kwabasi chifukwa munthuyu si bwana ayi, ndi waganyu ngati ife tomwe. Chinanso mita ya magetsi ndi imodzi ndi kanyumba ka kuseri komwe kuli anthu ena, mmodzi ali ndi difirizi amagulitsa mafirizesi, mpope nawo ndi umodzi pabwalo. Tiilowe kapena tiisiye? Nanga tikalowa tipange bwanji kuti asadzalire?

Mayi a ku Ngabu

Achimwene, inenso ndili ndi nyumba ziwiri za lendi nde ndiyankhula zomwe ndikuzidziwa. Za mtengozo kambiranani, zimatsika, koma za mita imodzizo musavomere ngakhale pang'ono. Kuno si ku Blantyre. Ikafika October mpaka November kutentha kumapitirira madigiri 40, fani imazungulira usiku onse, furiji sipuma, nde kuseriko kuli difirizi ya bizinesi. Mayunitsi adzatha pakati pausiku ana akulira ndi thukuta, nde mudzapita kukagogoda kwa ndani? Aliyense amati ine ndinathira dzana. Ndipo poti winayo ndi mlendo onse adzangomuyang'ana iyeyo kuti ndi amene ali ndi ndalama, adzakhala akuthira yekha mpaka kalekale.

Ine zinandionekera pa nyumba yanga yomwe, mabanja awiri anasiya kupatsana moni chifukwa cha mayunitsi mpaka wina anachita kubisa kakibodi kothirira kaja m'chipinda mwake. Ndinagulitsa mbuzi zitatu nkulipira mita yachiwiri, kuyambira pamenepo bata.

Auzeni a landilodiwo akalembetse mita ina ku ESCOM, pa ndalama za advance zomwezo. Zikamachedwa aikeko kaye ka sub-meter kuti aliyense aziona zomwe wadya. Mita imakhala m'dzina la mwini nyumba, mlendoyo angofunika nambala ya mita basi, amagula pa Airtel Money kapena Mpamba nkulandira manambala 20 aja nkuthira. SIM akalembetse ndi pasipoti yake, asamagwiritse ya munthu wina. Musanapereke ndalama gulani kaye mayunitsi ochepa pa mita imeneyo muone ngati abwera okwanira, pena mita imakhala ndi ngongole yakale.

Madzinso chimodzimodzi, muone bilu yomaliza ya Water Board ndi maso anu, ndipo tsiku lolowa jambulani manambala a pa mita ndi foni.

Mdzukulu wa kwa Lundu

Mayi anena zoona koma ine ndionjezere chimodzi chomwe mlendo sangachiganize. Nyumba ya m'chigwa muno sitiona nthawi ya dzuwa yokha. Funsani oyandikana nawo, osati a landilodi, kuti nthawi ya namondwe Ana mu January 2022 madzi anafika pati, nanga Freddy mu March 2023. Yang'anani khoma la mpanda ndi la chimbudzi, mzere wa matope uja sufufutika msanga, m'nyumba angathe kupaka penti koma kuseri amaiwala. Ife kwathu madzi analowa usiku, tinadzuka mphasa ikuyandama, matumba a mapira onse kunyowa. Shire ndi Mwanza zikakwiya sizisankha kuti uyu ngwa kuno uyu ngwa ku Harare. Ngati maziko ndi otsika ndipo malowo ndi a chithaphwi isiyeni ngakhale itchipe bwanji, munthu ali ndi ana.

Za magetsi kumbukiraninso kuti Ana yemweyo anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 anachoka, tinakhala mumdima wa maola ambirimbiri kopitirira chaka. Nde kasola ndi batire kothandiza fani ndi kutchaja foni agule ndithu, asadalire waya okha.

Madzi alawe. Mijigo yambiri kuno ndi ya mchere, sopo sachita thovu, tiyi sakoma, ndipo mlendo m'mimba mumavuta masiku oyamba. Ngati pali mpope afunse kuti umatuluka nthawi yanji, apeze madiramu awiri osungira ndi WaterGuard. Mawindo akhale ndi gozi, udzudzu wa kuno mukuudziwa, neti aliyense yake.

Mbale wa ku Mutarara

Takhuta abale, ine ndiyankhe ngati mlendo mnzake. Kwathu ndi ku Mozambique, ndinalowera pa Marka, pano ndatha zaka zingapo pa Nsanje boma ndikuchita geni. Ine chilankhulo sichinandivute poti Chisena ndi chimodzi, koma nane ndinalirapo. Nyumba yanga yoyamba ndinapereka miyezi sikisi pamanja popanda kapepala, tinangogwirana chanza basi. Mwezi wachitatu kunabwera munthu wina akuti nyumbayi ndagula tulukani. Ndinapita kwa amfumu, funso loyamba linali mboni yako ndani, ndinalibe. Ndinaopanso kulimbana nazo kwambiri poti mtima wa mlendo umakhala wamantha ngakhale mapepala ali bwino. Ndalama zija zinapita.

Nde lembani. Pepala limodzi lokha likwana, mtengo, tsiku lolipira, notisi ya miyezi ingati, dipoziti idzabwezedwa bwanji, denga likadontha kapena chimbudzi chikadzadza akonza ndani, komanso kuti lendi siikwera chaka chisanathe. Asaine onse awiri ndi mboni ziwiri, imodzi ya kuntchito kwanu. Kulipira kukhale kwa pa foni kapena ku banki kuti umboni uzitsala. Mukapite nayenso kwa amfumu a deralo akamudziwe nkhope, zimathandiza kwambiri tsiku la vuto. A landilodi akafuna kuona TEP yake, chilolezo chogwirira ntchito cha ku Immigration, awapatse fotokope, pasipoti yeniyeni asasiye m'manja mwa munthu.

Koma a Nchalo musawakwiyire kwambiri a landilodi. Kwacha itagwa ndi 44% mu November 2023 simenti ndi malata zinakwera koopsa, komanso alipo alendo ena amene amachoka usiku osatsanzika nkusiya bilu ya madzi. Mantha amenewo alipo. Kuwirikiza kawiri nde kwalakwika, koma miyezi itatu ndi kalata ya kuntchito yomuikira umboni, munthu wanzeru avomera.

Wa pa Nchalo

Zikomo nonse, mwanditsegula maso. Dzulo madzulo tinabwererako ndi abwana athu a kuntchito. Ndinazungulira kuseri monga mwanenera a kwa Lundu, mzere ulipodi pa mpanda koma ukulekeza m'munsi mwa khonde, agogo oyandikana nawo atsimikiza kuti m'nyumba madzi sanalowe. Mtengo tagwirizana K180,000, miyezi itatu. Pa mita ndi pomwe tatsamwa, akuti ayikadi ina koma akufuna ndalama zake tipereke ife kupatula lendi. Mayi a ku Ngabu, inu munkatani, tingawauze kuti tilipira koma azidula pang'onopang'ono pa lendi? Tikumananso nawo Loweruka m'mawa ndipo pepala lija ndalemba kale, ndasiya mpata pa mzere umenewo.