Makoswe atisowetsa tulo, koma ndikuopera kagalu ndi mphaka wanga

Moni nonse pagulu pano, ndithandizeni nzeru. Takolola, matumba a chimanga tasanja m'chipinda chapakati, ndiye makoswe angochuluka. Bambo a kunyumba akufuna akagule temeki kumsika, asakanize ndi usipa n'kutchera m'makona. Ine mtima ukukana. Tili ndi kagalu kotola chilichonse, komanso mphaka amene amagona pamatumba pomwepo. Kodi mphaka akadya khoswe wofa ndi mankhwala, nayenso amafa? Nanga zitachitika, munthu umayambira pati? Apongozi akuti mkaka umapha mphamvu ya poizoni, n'zoona?

Mayi wa ku Area 25: Achemwali, musalole. Usipawo adzayamba kuupeza ndi mphaka ndi kagaluko, khoswe asanatuluke n'komwe. Ngati pakhomopo pali mwana wokwawa, ndiye temekiyo asalowe m'nyumba ngakhale pang'ono.

Wogwira ntchito za ziweto: Mayi, mwachita bwino kufunsa zisanachitike. Temeki ndi aldicarb, mankhwala a tizilombo ta m'munda, ndipo amagwira m'mphindi zochepa: dovu, kusanza, kutsegula m'mimba, kunjenjemera, kubanika. Khoswe wofa nawo angaphenso mphaka, inde. Chopulumutsa ndi jakisoni wa atropine kwa dokotala wa ziweto, mwamsanga. Mkaka, mazira kapena mafuta ophikira sizichotsa poizoni, ndipo mukamwetsa mokakamiza chiweto chonjenjemera, zimalowera m'mapapo. Madzi a mchere musayese, amapha nawonso.

Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mankhwala ena aja a makoswe a m'sitolo, a timibulu ta buluu kapena tofiirira. Ambiri mwa amenewa amalepheretsa magazi kuundana. Galu amaoneka bwinobwino masiku 3 mpaka 5, eni ake n'kumati wapulumuka, kenako kufooka, nkhama kuyera, magazi m'chimbudzi kapena m'mphuno. Amafunika vitamini K1 kwa milungu ingapo. Mukaona kuti wadya, musadikire zizindikiro, nyamulani galu ndi paketi yomwe. Ku Lilongwe kuli LSPCA, bungwe loteteza ndi kusamalira ziweto, kwina pitani ku ofesi ya za ziweto ya boma.

Bambo wa ku Dedza: Gulani misampha ya waya, mutchere usiku chitseko chili chotseka, ziweto zili kwina. Matani mabowo ndi simenti, matumba akhale pathandala, asagunde khoma.

Mayi wina: Ndiwonjezere: mphaka musadzamupatse Panado. Ngakhale kachidutswa kangamuphe.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndawawerengera bambo ndipo avomera za misampha. Koma a dokotala, chimangacho tinathira Actellic Super. Mphaka azigonabe pamatumbapo?

Wogwira ntchito za ziweto: Ayi mayi. Mu Actellic Super muli permethrin, mankhwala ophera tizilombo amene thupi la mphaka silitha kuwachotsa msanga, ndipo mphaka amadzinyambita ubweya tsiku lonse. Mupukuteni ndi nsalu yonyowa, mumuyalire kasaka koyera kwina, chipindacho chizikhala chotseka.