Kupita ku Fátima ndi amayi okalamba: tilowe gulu la parishi kapena tipite patokha?

Naphiri, Ulongwe

Moni nonse, makolo ndi abale. Ine ndine mphunzitsi kuno ku Ulongwe, ndipo ndikupempha nzeru kwa inu amene munafikako ku Portugal. Amayi anga ondibereka akhala akulakalaka kukaona Fátima chiyambire utsikana wawo ku Lifidzi, kumene ankamva pa katekisimu za ana atatu oweta nkhosa, Lúcia, Francisco ndi Jacinta, amene Amayi Maria anawaonekera mu 1917. Tsopano akula, ali ndi matenda a shuga, ndipo bondo lakumanzere limatupa akayenda mtunda wautali. Ndalama tasonkhanitsa pang'onopang'ono, zina za kachewere, zina za xitique (chipereganyu) ya kuntchito kwanga, ndipo ndikuopa kuti tikazengereza thupi lawo silidzalolanso.

Kuparishi kwathu alengeza ulendo wa gulu umene wakonzedwa ndi kampani ina ya ku Maputo, wa masiku 10 mu Meyi, pa mtengo umodzi wophatikiza ndege, kogona, chakudya, basi ndi wotsogolera. Papepala lawo alembapo Lisboa, Fátima, Coimbra, Braga ndi Santiago de Compostela. Koma msuweni wanga amene amakhala ku Amadora, pafupi ndi Lisboa, akuti ndisataye ndalama, nditenge amayi tipite awiri, tikafikire kwake, ndipo ku Fátima tikakhale masiku amene tifuna. Chipwitikizi ndimachidziwa bwino, pamene amayi amangomva cha moni ndi cha pa Misa, ndipo tonse awiri sitinakwerepo ndege. Kodi pa njira ziwirizi yoyenera munthu wamkulu wotere ndi iti? Nanga kodi n'zoona kuti viza imatuluka mosavuta munthu akakhala pagulu la mpingo?

Katekisiti wopuma, Domwe

Aphunzitsi, Mulungu akudalitseni chifukwa choganizira kholo lanu. Ine ndinapita ndi gulu, ndipo mukandifunsa ndinena mosabisa kuti mayi wachikulire amene sanatulukepo kunja mupite naye pagulu. Kuyenda awiri si mantha, koma pa ulendo uwu awiri achepa. Usiku wa pa 12 Meyi, wolowera tsiku lokumbukira kuonekera koyamba, bwalo la kutsogolo kwa tchalitchi cha ku Fátima limadzaza ndi anthu oposa 100,000, aliyense atanyamula kandulo yoyaka, ndipo chithunzi cha Amayi Maria chikamatuluka mu Capelinha, kachalitchi kakang'ono ka pamalo pamene anaonekera, anthu amasunthira kutsogolo nthawi imodzi. Inu mukangotembenuka kuti muyatsenso kandulo imene yazima ndi mphepo, amayi asowa, ndipo sangathe n'kufunsa komwe njira. Pagulu wotsogolera amakweza kambendera, amawerenga anthu, ndipo pamakhala amayi anzawo owagwira dzanja pamene inu mwapita kukasaka madzi.

Chinanso chimene sichilembedwa pamtengo ndi wansembe wakwathu. Malo olapira alipo ambiri, m'zilankhulo za ku Ulaya, koma mayi amene walapa m'Chichewa moyo wake wonse adzafuna kuulula zakumtima m'Chichewa momwemo. Ife tinapemphera kolona m'chilankhulo chathu panjira ya mtanda yopita ku Valinhos, kenako tinafika ku Aljustrel, mudzi wa ana aja, makilomita pafupifupi 2 kuchokera kutchalitchi, kumene timanyumba ta makolo awo tikadalipo. Mawa lake, pa 13, Misa itatha anthu onse anatulutsa timipango toyera n'kumatikupiza potsanzika chithunzi chija, ndipo amayi a m'gulu lathu analira ngati kumaliro. Zoterezi zimakoma uli ndi anthu akwanu, oti mudzakumbutsane mukadzabwerera kumphakati.

Chimene ndikuchenjezeni ndi pepala limenelo. Mizinda isanu m'masiku 10, awiri mwa iwo othera mundege, ndiye kuti ku Fátima mukagonako usiku uwiri wokha, kwinako ndi m'basi. Mufunse bwino.

Jere, Moatize

Achemwali, ndiyambe ndi funso lanu lachiwiri, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amanamizidwa. Palibe viza ya gulu. Viza ya Schengen, yolowera ku Portugal ndi maiko ambiri a ku Ulaya, amapereka kwa munthu payekhapayekha, ndipo amene akupempha koyamba amayenera kukaonekera yekha kuti amutenge zidindo za zala. Choncho kaya muli pagulu kaya ayi, ulendo wokapempha viza ya Portugal ku Beira kapena ku Maputo sungalephereke, ndipo muwerengeretu kuti kuchoka ku Ulongwe kufika ku Tete ndi makilomita oposa 200, kuchoka ku Tete kufika ku Beira ndi pafupifupi 600. Kampani imangokuthandizani kusanja mapepala ndi kukupatsani kalata ya kogona. Wokana kapena kuvomera ndi kazembe, ndipo mayuro 90 amene munthu wamkulu amalipira kuyambira mu Juni 2024 sabwezedwa akakukanani.

Zimene amafuna n'zodziwika. Pasipoti ikhale yotsala ndi miyezi 3 kapena kuposerapo kuchokera tsiku limene mudzatuluke ku Ulaya, ndipo ikhale ndi masamba awiri osalembedwa. Pafunika inshuwalansi ya chipatala ya mayuro osachepera 30,000, umboni wa kogona, ndi umboni woti muli ndi ndalama komanso chifukwa chobwerera kwanu. Inu muli ndi kalata ya kuntchito, koma amayi alibe, ndiye ndalama za kachewere zija zisakhale m'nyumba kapena pafoni: zilowe kubanki msanga kuti zizioneka pa extracto (sitetimenti ya kubanki) ya miyezi ingapo. Ndalama zochuluka zolowa tsiku limodzi kutatsala sabata zimadzutsa mafunso. Ngati mukafikira ku Amadora, msuweni wanu asaine termo de responsabilidade, chikalata cholonjeza kuti adzakusungani, ndipo iye mwini akhale ndi mapepala okhalira m'dzikomo. Pempho limalandiridwa kuyambira miyezi 6 ulendo usanachitike, yankho limatenga masiku 15 ndipo nthawi zina limafika 45. Musagule tikiti yosabwezeka viza isanatuluke.

Tsopano pa funso loyamba ndisiyana pang'ono ndi bambo a ku Domwe, mwaulemu. Munthu wodziwa Chipwitikizi ngati inu, Portugal ndi dziko losavuta kuposa lina lililonse ku Ulaya, chifukwa chikwangwani chilichonse mudzachiwerenga ndipo aliyense mudzamufunsa. Pabwalo la ndege la Lisboa pali metro ya mzere wofiira, mumasintha pa São Sebastião kulowa wa buluu, n'kutsika pa Jardim Zoológico, pomwe pali siteji ya mabasi ya Sete Rios. Basi ya Rede Expressos imatenga ola limodzi ndi theka pa makilomita pafupifupi 130, ndipo imakutsitsani poyendeka pansi kufika kutchalitchi. Sitima musakwere, chifukwa siteshoni yake ili kutali ndi malo opemphererawo ndipo mudzalipiranso takisi.

Muyerekezenso njira za ndege. Gulu lidzanyamukira ku Maputo, kumene ndege ya TAP imapita ku Lisboa mosaima, maola pafupifupi 11, koma mufunse ngati tikiti yochokera ku Chingozi, bwalo la ndege la ku Tete, kufika ku Maputo ili m'kati mwa mtengowo, poti kawirikawiri amaisiya panja, ndipo si yotchipa. Inu a ku Angonia bwalo la Kamuzu ku Lilongwe muli nalo pafupi mukadutsa pa Kalomwe ndi Dedza, ndipo ku Malawi sitifunika viza, kungoti njira zakumeneko n'zosintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, mwinanso kawiri, zomwe kwa munthu wa bondo lotupa si nkhani yaing'ono.

Chomaliza, mdipiti wa makandulo suchitika pa 12 pokha. Kuyambira pa Pasaka mpaka mvula itayamba kuno kwathu, usiku uliwonse amapemphera kolona pa Capelinha nthawi ya 21:30 kenako n'kuyenda ndi makandulo. Mutapita sabata wamba, kogona n'kotsika mtengo, ndipo amayi angapeze benchi n'kukhala pansi.

Namwino, mzinda wa Tete

Mayi Naphiri, ine ndiyankhula za thupi la amayi, poti ndiyo ntchito yanga. Munthu wa shuga amafuna kudya pa nthawi yake, ndipo basi ya gulu siima chifukwa choti mmodzi wayamba kunjenjemera. Gulu limene ndinapita nalo ine, la kampani imene sinditchula, linkatidzutsa kusanache, chakudya cha masana chinkadalira kuti woyendetsa wafika pati, koma nthawi yoima pasitolo ya makolona ndi zithunzi inkapezeka tsiku lililonse. Choipa kwambiri chinali kogona. Papepala panalembedwa kuti Fátima, koma hotelayo inali kunja, njira ya ku Leiria, moti basi ikatisiya m'mawa panalibenso kobwerera kukapumula mpaka usiku. Agogo ena a m'gulu lathu anathera masana onse atakhala pa simenti pansi pa khonde, atavula nsapato, mapazi atatupa, akudya bisiketi imene ndinali nayo m'chikwama. Choncho musafunse kuti mukagona mumzinda uti, mufunse dzina la hotela, mulione pa mapu a pafoni, muyese mtunda wake kufika ku Capelinha.

Kaya musankha njira iti, chitani izi. Mankhwala onse akhale m'chikwama cham'manja pamodzi ndi kalata ya dokotala, ndipo akhale opitirira masiku a ulendo. Uzani a ndege kutatsala maola 48 kuti amayi adzafuna chikuku pabwalo la ndege. Ku Ulaya thandizo limeneli n'laulere, ndipo makonde ake ndi aatali kwambiri. Mundege azidzuka n'kumayendayenda. Inshuwalansi ija muiwerenge mpaka timalemba tating'ono, chifukwa zambiri sizilipira matenda amene munthu anali nawo kale, ndipo shuga ndi amodzi mwa amenewo. Ku Fátima komweko kuli a Servitas, anthu odzipereka amene amasamalira odwala pa maulendo akuluakulu, ndipo pa 13 pamakhala dalitso la odwala. Mugulenso kampando kopinda. Kadzakuthandizani kuposa wotsogolera aliyense.

Pa za ndalama, kulengezedwa kuparishi sikutanthauza kuti parishi ndiyo idzakubwezerani zinthu zikalakwika. Pemphani kuona alvará (laisensi) ya kampaniyo, mulipire ku akaunti ya kampani osati pa nambala ya M-Pesa ya munthu, mulandire lisiti yokhala ndi NUIT (nambala ya msonkho), ndipo alembe papepala kuti adzabweza zingati viza ya amayi ikakanidwa pamene yanu yatuluka. Zimenezi zimachitika, ndipo gulu silidikira.

Ine maganizo anga ali kumbali ya a Jere, koma pokhapokha ngati mugona ku Fátima kwenikweniko, osati kumachokera ku Amadora tsiku ndi tsiku.

Katekisiti wopuma, Domwe

Zimene anena anamwino n'zoona, ndipo sindikutsutsa za hotela. Koma a Jere, kupita sabata wamba ndi kupita pa 13 n'zosiyana kwa munthu amene wadikira tsikuli zaka zonsezi. Pa 13 Meyi ndi pamene zinayambira, ndiponso ndi tsiku limene Papa Francisco analengeza Francisco ndi Jacinta kukhala oyera mu 2017. Ngati Meyi wavuta chifukwa cha sukulu ndi kukolola, pa 13 Okutobala palinso mwambo waukulu womwewo, ndipo nthawi imeneyo zokolola zagulitsidwa, mvula isanagwe.

Za msuweni, Aphunzitsi, mumufunse kuti amaweruka nthawi yanji. Abale athu kumeneko amachoka m'mamawa n'kubwera usiku, nyumba zake n'zazing'ono ndipo zina n'zosanja zopanda chikepe. Lonjezo la pafoni n'losavuta, koma mungakapezeke mwatsekeredwa pamwamba ndi mayi amene sangatsike masitepe.

Naphiri, Ulongwe

Zikomo kwambiri nonse. Usiku wathawu ndinawawerengera amayi mayankho anu onse, ndipo iwo anati za Braga ndi Santiago alibe nazo ntchito, chimene akufuna ndi kukhala pansi pa Capelinha mpaka atatopa okha, kukagwada pamanda a ana aja, ndi kulapa kwa wansembe womva chilankhulo chawo. Pa tsiku sakusuntha: akuti pa 13 basi, kaya Meyi kaya Okutobala. Msuweni wavomera kuti amakhala pansanjika yachitatu ndipo chikepe palibe, kotero kwake kungakhale kogona usiku umodzi wokha.

Ndaimbira a kampani aja. Dzina la hotela sananditchulire, akuti adzatiuza gulu likakwana, ndipo tikiti ya Tete kufika ku Maputo ilidi panja pa mtengo. Ndawafunsa ngati n'kotheka kuti tipite ndi gulu, tikhale nalo pa 12 ndi 13, kenako ife titsale ku Fátima pamene anzathu akupita kumpoto, tidzakumane nawo ku Lisboa tsiku lobwerera. Akuti n'zotheka, koma mtengo sutsika, ndiye kuti tidzalipira kogona kawiri. Sindinapereke kalikonse, ndipo ndawauza bambo mfumu kuti ndikudikira dzina la hotela lilembedwe papepala.

Lolemba tikupita ku Migração, ofesi ya mapasipoti, ku Tete kukayamba za pasipoti ya amayi, ndipo ndalama ndaika kale kubanki monga munanenera, achimwene a Jere. Kwa amene munakapempha viza ku Beira posachedwapa, kodi zimatheka kuti anthu awiri a banja limodzi apatsidwe tsiku limodzi lokaonekera, kapena ndikonzekere kuyenda ulendowo kawiri? Ndipo kodi chikalata chosonyeza kuti ndine mwana wawo ndiponso kuti ndine wolipira ulendo chiyenera kudutsa kwa notário, wotsimikizira zikalata mwalamulo?