Pampu ya kompyuta yanga ikusokosera usiku, ndithandizeniko nzeru

Akuluakulu, ndili ku Matawale kuno ku Zomba, ndipo kompyuta yomwe ndimakonzera mavidiyo a maukwati imazizira ndi madzi. Vuto ndi pampu. Masana siimveka kwenikweni, koma usiku anthu akagona imalira ngati njuchi zotsekeredwa m'chitini, mpaka desiki kumanjenjemera. Ndikamasula masikuluwu n'kunyamula pampuyo m'manja ikugwira ntchito, phokosolo limachepa kwambiri, ndiye ndikuganiza kuti chikukulitsa phokoso n'chitsulo cha bokosi chomwe ndinaimangirirapo. Kodi kuyala siponji kapena labala wa chubu cha njinga pansi pake kungathandize, kapena pamafunika zopangidwira ntchito imeneyi?

Palinso kaphokoso kena kothetheka, komwe ndikukhulupirira kuti ndi mpweya wotsalira m'mapaipi. Thanki ili pamwamba pa pampu, ndapendeketsa bokosilo uku ndi uku, koma tithovu tikuonekabe.

Pampu yomwe ndili nayo ndi ya mtundu wa DDC. Ndikudziwa kuti DDC ndi yaing'ono, imakankha madzi mwamphamvu m'tinjira topanikiza koma imatentha, pomwe pampu ya mtundu wa D5 ndi yaikulu ndipo imayendetsa madzi ambiri mofatsa. Ine ndili ndi radiator (chipangizo chochotsa kutentha m'madzi) imodzi ya 360mm yoziziritsira CPU (ubongo wa kompyuta) yokha. Ndisinthe n'kugula D5, kapena ndingotsitsa liwiro la DDC kudzera pa PWM (njira yolamulira liwiro la pampu) mu BIOS (pomwe timasinthira kagwiridwe ntchito ka zida za kompyuta)? Kutsitsa kwambiri ndikuopa, poti kutentha kwa Okutobala kuno mukukudziwa.

Amene munagulapo D5, munaipeza ku Blantyre kapena munachita kuitanitsa ku Johannesburg?