Ngati mabomba okwirira pansi analetsedwa, bwanji akukwiriridwabe?

Nachisale_Mufakose
Abale, ku Rushinga ndi ku Mukumbura, kumpoto chakum'mawa kwa Zimbabwe, akufukulabe mabomba omwe asilikali a Rhodesia anakwirira m'ma 1970, pomwe kwina kunkhondo akukwirira atsopano. Kodi lamulo lake lilipodi, kapena ndi mapepala chabe?

Mbewe wa ku Mbare
Lilipo mayi, koma mapangano ndi awiri ndipo anthu amawasokoneza. La ku Geneva la 1980 sililetsa, limangoika malire. Gawo lake lachiwiri, lokonzedwanso mu 1996, limati bomba lotchera munthu lizipezeka ndi makina ofufuzira zitsulo mofanana ndi kachitsulo ka magalamu 8. Oponyedwa ndi ndege kapena mizinga azidziphulitsa okha pasanathe masiku 30, ndipo okanika azikhala atafa pofika masiku 120.

Loletseratu ndi la Ottawa la 1997: osapanga, osasunga, osagulitsa, osakwirira. Vuto ndi loti pangano limamanga okhawo amene alowamo. America, Russia ndi China kulibeko, ndipo mu 2025 Poland, Finland, Estonia, Latvia ndi Lithuania analengeza kuti akutuluka.

Phiri_Dzivarasekwa
Ndiwonjezereko pa za kwathu kuno, a Mbewe. Ottawa imapereka zaka 4 zowononga mabomba osungidwa ndi zaka 10 zochotsa a m'nthaka. Zimbabwe inayenera kumaliza mu 2009 koma yakhala ikupempha nthawi ina, pomwe Mozambique inamaliza mu 2015.

Si ulesi ayi. Ambiri mwa mabombawa, monga R2M2, ndi apulasitiki, chitsulo chake n'kachidutswa. Makinawo amalirira msomali uliwonse ngakhalenso mwala wachitsulo, ndiye pena paliponse palira munthu amagwada, n'kuyamba kukumba chakumbali pang'onopang'ono, osati pamwamba, m'kanjira kotakata mita imodzi. Mvula nayo imakokolola mabomba kupita kutsetse, kunja kwa mzere womwe anatcheredwa. Mpanda wa waya unatha kalekale, n'chifukwa chake ng'ombe zimapondabe.

Gama_Highfield
Musaiwale kuti Ottawa sikhudza mabomba otchera magalimoto. Ngakhale Claymore, bomba loimika pamtunda lomwe limamwaza tizitsulo kutsogolo, ndi yololedwa ngati msilikali akuiphulitsa yekha. Akaimangirira kawaya kokola mwendo, pamenepo yalakwira pangano.

Ndipo mayi, muwauze akumudzi kuti mphekesera yoti mubomba muli chinthu chamtengo wapatali chotchedwa "red mercury" ndi yabodza, mubomba mulibe chogulitsa. Akaona lina asaligwire kapena kuliponyera mwala. Aime, auze apolisi kapena a HALO Trust, bungwe lochotsa mabomba okwirira.